KODI WOTSALIRA M'MBUYO NGWAULESI?

Basi yochokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe ikaima pa Jenda nthawi ya tchuthi, mumatsika anyamata ndi asungwana a m'makoleji, yense ndi chikwama chake. Ena amalowera njira ya ku Embangweni, ena ya ku Khosolo, ena ya ku Luwerezi. Mwana wotere akafika kwao amampatsa madzi, namuyalira mphasa, ndipo asanamezenso malobvu funso la atate ake lafika kale: "Kodi wakhoza? Utsiriza liti?"

Funsoli si loipa. Munthu amene anagulitsa ng'ombe kuti mwana aphunzire ali nao ufulu wa kufunsa. Koma chipitire mliri wa Covid-19, alipo ana ambiri amene funsoli limawalasa ngati mkondo. Ena anatsiriza mochedwa, ena analephera mayeso nabwereza, ndipo ena sanabwererenso ku sukulu konse. M'midzi timamva anthu akuti, "Ndi ulesi basi. Anzake atsiriza bwanji?" Tsono, owerenga anzanga, tiyeni tiukambe mlandu umenewu mofatsa monga amachitira akulu pa bwalo. Kodi wotsalira m'mbuyo ngwaulesi? Nanga ife eni ake tiri naye mangawa otani?

ZIMENE ZINACHITIKA

Mlandu suzengedwa osayamba wamva mutu wake. Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko la Malawi liri pa ngozi, nalamula kuti sukulu zonse ndi makoleji onse atsekedwe kuyambira pa 23 Malichi. Nthawiyo nkuti nthendayo isanapezeke ndi munthu aliyense m'dziko muno, pakuti odwala oyamba anadziwika pa 2 Epulo. Ophunzira anamanga katundu wao nabwerera ku midzi, osadziwa kuti adzakhalako masiku angati.

Anakhalako nthawi yaitali ndithu. Olemba mayeso anabwerera pa 7 Sepitembala, patapita miyezi isanu ndi masiku. Otsala anabwerera pa 12 Okutobala. Mu Novembala chaka chomwecho mayeso a Fomu 4 anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala ake anabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anakalembanso mu Januwale 2021. Mwezi womwewo mliri unakula koposa. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Sukulu zinatsekedwanso kwa milungu isanu. Katemera woyamba anafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ndipo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linalengeza mu Meyi 2023 kuti nthendayo yaleka kukhala ngozi yadzidzidzi ya maiko onse.

Izi ndizo zimene zinalembedwa m'mabuku a boma. Koma buku la boma limawerenga masiku okha. Silinena zimene masikuwo anachita m'nyumba ya munthu.

MLIRI SUNAGWIRE ONSE MOFANANA

Mvula ya matalala ikagwa m'dera, munda wina umaonongeka wonse pamene wa pafupi pake wangothothoka masamba owerengeka. Mwini munda wopulumukawo akaseka mnzake kuti sadziwa kulima, timati ngwopusa. Mliri unali chimodzimodzi. Tiyeni tiyerekeze ophunzira atatu, onse anzeru zofanana, onse a m'kalasi imodzi.

Woyamba kwao ndi pa Boma pa Mzimba. Atate ake ali pa nchito ya mwezi. M'nyumba muli magetsi, ndipo mwanayo ali ndi foni yotha kulandira maphunziro pa intaneti. Aphunzitsi akatumiza nchito iye amailandira tsiku lomwelo. Kutsekedwa kwa koleji kunamtopetsa, koma sikunamdule mwendo.

Wachiwiri kwao ndi kuseri kwa Edingeni. Fizi yake imachokera kwa akulu ake amene ali ku Joni. Tonse tidziwa kuti boma la Mzimba lakhala likutumiza amuna ake ku South Africa kuyambira kale, ndipo nyumba zambiri za malata zimene tiziona m'midzi zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko. Koma pa 27 Malichi 2020 dziko la South Africa linatsekera anthu ake m'nyumba. Mahotela anatsekedwa, nchito zomanga zinaima, ndipo Amalawi ambiri anabwerera pa mabasi kudzera pa Mwanza ali chimanjamanja. Tsono koleji itatsegulidwa, mnyamatayu analibe fizi. Anakhala chaka chathunthu akugwira ganyu, ndipo mtima unayamba kumuuza kuti nayenso angotsata njira ya ku Joni.

Wachitatu ndi msungwana wa ku Khosolo. Kwao kulibe magetsi, ndipo pofuna kuimba foni munthu amayamba wakwera pa chulu. Atafika ku mudzi anampatsa khasu, mtsuko ndi ana a kulera. Miyezi inapita, anthu nayamba kunena kuti sukulu sizidzatsegulidwanso. Kunafika munthu ndi mau okoma ndi sopo. Boma litafufuza m'chaka cha 2020 linapeza kuti pa miyezi imene sukulu zinali zotseka, asungwana oposa 40,000 m'dziko muno anatenga pakati, ndipo maukwati a ana anakwana pafupifupi 13,000. Msungwana wathuyu ndi mmodzi mwa iwo.

Tsono taonani. Mwa atatuwa waulesi ndani? Woyamba anatsiriza pa nthawi yake, ndipo tikondwera naye. Koma kodi anaposa anzakewo nzeru kapena khama? Iai. Anawaposa magetsi ndi malipiro a atate ake. Tikamuimika iye ngati muyeso woweruzira anzake, ndiye kuti tikuyesa matumba a makolo tikunama kuti tikuyesa mitu ya ana. Kuweruza kotero nkosalungama.

BALA LOSAONEKA

Palinso kanthu kena kobvuta kukaona. Alipo ophunzira amene anabwerera ku koleji pa tsiku lake, fizi nalipira, koma anabwerera ali anthu ena. Wina anaika atate ake m'manda mofulumira, anthu owerengeka okha, popanda kugona pa siwa monga mwa mwambo wathu, ndipo chisoni chimene sanachilire chinatsalira m'mtima. Wina anazolowera kukhala yekha kotero kuti gulu la anthu linayamba kumuopsa. Wina akatsegula buku maso amayenda pa mizere koma mutu uli kwina.

Pofuna kubweza nthawi yotayika, makoleji ambiri anapanikiza maphunziro, nafupikitsa tchuthi. Pamwamba pa izo zinthu zinakwera mitengo. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ndalama imene kholo linkatumiza kuti ikwane mwezi inayamba kuthera pakati pa mwezi. Wophunzira wochita lendi kunja kwa koleji anayamba kudya kamodzi pa tsiku, ndipo njala siilola munthu kuloweza kanthu.

Komabe mwana yemweyo akaimba foni ku mudzi, amai ake nafunsa m'Chitumbuka kuti, "Uli uli, mwana wane?" iye amangoti, "Nili makora, Amama," ndiko kuti, ndiri bwino. Anena bwanji zoona? Adziwa kuti ng'ombe inapita chifukwa cha iye. Adziwa kuti mlongo wake anasiyira sukulu pa njira kuti ndalama zikwanire iye. Akadandaula aoneka ngati wosayamika. Tsono amabvala malaya ochapa bwino, namwetulira pa chithunzi. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Kubvutika kwa maganizo ndi nthenda monga malungo. Si ufiti, si ulesi, ndipo si kuchepa kwa chikhulupiriro. Zizindikiro zake ndi izi: kusowa tulo masiku ambiri, kusafuna chakudya, kudzipatula, kukwiya msanga, kuyamba mowa munthu amene sankamwa, ndi kunena mau otaya mtima onga akuti, "Kuli bwino ndikadapanda kubadwa." Mau otere asamapite pachabe. Ku Mzuzu kuli chipatala cha St John of God chimene nchito yake yeniyeni ndi kuthandiza odwala maganizo, ndipo ku chipatala cha boma pa Mzimba kapena cha misiyoni pa Embangweni munthu angathe kuyambirako kufunsa thandizo. Kupita naye mwana kumeneko si kumchititsa manyazi. Manyazi ali pa kumsiya afote tikuona.

MAU A OTSUTSA

Pa bwalo pasamalankhule mbali imodzi yokha. Alipo akulu anzeru amene anganditsutse motere: "Iwe ukuphunzitsa ana kulira. Ife tinkayenda mitunda yambiri wapansi kupita ku sukulu, opanda nsapato, ndipo palibe anatifunsa za maganizo athu. Ukamnyengerera mwana, mliri udzakhala chobisalira chake moyo wake wonse. Ndiponso namwino amene adzandibaya jekeseni ndifuna adziwe nchito yake. Sindifuna amene anamkhozetsa mayeso chifukwa cha chifundo."

Mau awa ali ndi choonadi, ndipo tisawanyoze. Nzoona kuti alipo ena amene mliri anaupeza ngati mthunzi wogonapo, ndipo ulesi wao unayamba kale mliri usanadze. Nzoonanso kuti mayeso sayenera kufewetsedwa. Mphunzitsi wotuluka ku koleji ya Loudon akapanda kudziwa masamu, ana mazana adzalipira umbuli wake. Mmisiri wa ku sukulu ya nchito za manja akamanga khoma lokhota, khomalo lidzagwera anthu, ndipo silidzayamba lafunsa ngati mmisiriyo anaphunzira pa nthawi ya mliri. Chifundo chopatsa munthu setifiketi imene sanaigwirire nchito ndi nkhanza kwa anthu amene adzawatumikira.

Koma pali zinthu ziwiri zimene otsutsawa akuzisakaniza. China ndi muyeso wa nchito, china ndi kutalika kwa njira. Anthu a ku Mzimba adziwa ng'ombe kuposa anthu ambiri m'dziko muno. Ng'ombe yokoka ngolo ikadwala nichira, mwini wake wanzeru saiika m'goli tsiku lomwelo ndi matumba khumi a chimanga. Saiphanso ai. Amaidyetsa, naiyambitsa ndi katundu wopepuka, kufikira mphamvu zitabwerera, ndipo pamapeto pake imakoka ngolo yodzaza monga inzake. Katundu sanachepe, koma nthawi ndiyo inatalika. Ngati tichitira chotero ng'ombe, tingalephere bwanji kuchitira mwana wa munthu? Wobwereza chaka alembe mayeso omwewo amene analemba anzake. Chimene tipempha nchakuti khomo likhale lotsegula, ndi kuti polowapo asapeze anthu omuseka.

Za akulu amene anapirira osafunsidwa, tiwalemekeza ndithu. Koma tikumbukire kuti amene amasimba za ulendo ndi amene anafika. Anzao amene anagwa pa njira sitiwamva, chifukwa palibe amawaitana kudzalankhula pa msonkhano. Mliri wa fuluwenza wa 1918 ndi 1919 unapha anthu ambiri m'dziko lino pamene nkhondo yaikulu inkatha, ndipo ana amasiye amene anasiya sukulu za misiyoni masiku amenewo palibe anawalemba maina. Kusafunsidwa kwao sikutipatsa ife chifukwa chosafunsira athu.

MATCHONA A SUKULU

M'boma lino tidziwa bwino mau akuti mtchona, munthu amene anapita ku Harare kapena ku Joni osabwereranso. Tikafufuza bwino tipeza kuti matchona ambiri sanaiwale kwao. Chinawatsekera njira ndi manyazi. Anachoka atalonjeza njinga ndi malata, zinthu sizinayende, ndipo anaona kuti kuli bwino kufera kutali kusiyana ndi kufika pa mudzi manja ali lende. Mudzi umene umalandira mwana wake pokhapokha atanyamula katundu ndiwo umapanga matchona.

Lero tiri pa ngozi yopanga matchona a sukulu. Mnyamata amene walephera mayeso nawopa kunena amakhalabe m'tauni, akunamiza makolo kuti zonse ziri bwino, kufikira bodza litamkulira. Msungwana amene anabereka amaopa kudutsa pa bwalo la sukulu. Chikhalirecho lamulo liri kumbali yake. Kuyambira m'chaka cha 1993 boma la Malawi limalola msungwana amene wabereka kubwerera ku sukulu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Khomo la boma nlotsegula. Limene limatsekedwa kawirikawiri ndi khomo la pa mudzi, ndipo chotsekera chake ndi pakamwa pathu.

NGONGOLE YA MBALI ZIWIRI

Tsono tiyankhe funso lathu. Mwana wophunzira ali ndi ngongole kwa makolo ake, ndipo zimenezi palibe angakane. Koma mwana si nkhokwe imene timathiramo chimanga kuti tidzatapemo pa nthawi ya njala. Ndi munthu, ndipo anali mwana wathu asanaone khomo la koleji. Kholo limene likonda setifiketi kuposa mwini setifiketiyo lidzataya zonse ziwiri.

Ngongole ya makolo ndi iyi. Mwana akafika, funso loyamba likhale la moyo wake. Kodi ukudya? Kodi ukugona tulo? Kodi uli ndi mnzako wokamba naye? Funso la mayeso lidze pambuyo, ndipo lidze pa awiri, osati pa maso pa mudzi wonse. Ngati atate aona kuti mwana awaopa, atume azakhali ake kapena agogo ake, pakuti mwambo wathu unaika kale anthu amene mwana angawauze zimene sangauze atate ake. Ndipo kholo linene poyera mau awa: "Ngakhale utalephera, kuno nkwanu. Bwera tidzaone chochita." Mau amenewa sagula ndi ndalama, koma apulumutsa ana ambiri.

Ngongole ya wophunzira nayo ilipo, ndipo njolemera. Choyamba anene zoona. Kubisa kulephera ndiko kuba, pakuti makolo amapitiriza kutumiza ndalama pa chinthu chimene kulibe. Chachiwiri afunefune thandizo, osakhala chete. Kuyambira 2015 kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite, ndipo m'makoleji muli aphunzitsi ndi abusa amene angamve dandaulo la munthu. Safunsa adadya phula. Chachitatu, akapatsidwa mwai wachiwiri augwire ndi manja awiri. Mliri unamlanda miyezi, ndipo mlandu umenewo si wake. Koma zaka zimene angataye tsopano pokhala pa sitolo akusimba za mliri, zimenezo zidzakhala mlandu wake.

Mudzi nawonso uli ndi gawo lake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Namwino amene adzatuluka m'nyumba ya mnzako adzachiza iwe, ndipo mphunzitsi wa m'banja lina adzaphunzitsa adzukulu ako. Agogo amene alera khanda kuti mai wake abwerere m'kalasi agwira nchito yaikulu yofanana ndi ya wolipira fizi. Mafumu ndi akulu a mipingo, amene mau ao amamveka kuyambira kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa ku Edingeni kufikira kwa nyakwawa ya kamudzi kakang'ono, angathe kuletsa chipongwe chonenera asungwana obwerera ku sukulu monga momwe amaletsera ndeu pa maliro.

Njira yobwerera siikhala imodzi. Amene sangathe kubwerera ku yunivesite ya Mzuzu kapena ya Livingstonia angathe kuphunzira ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi kapena kusoka m'sukulu za nchito za manja. Kusintha njira si kugonja. Wopita ku Mzimba kuchokera pa Jenda angadzere mseu waukulu kapena angadzere ku Embangweni, ndipo onse awiri adzafika pa Boma.

KWA INU AMENE MUKUWERENGA

Ambiri a inu amene mwagwira kabuku kano munaphunzira kuwerenga muli akulu, m'sukulu za kwacha. Mudziwa inu nokha chimene chinakutsekerezani muli ana. Wina anali kubusa ng'ombe, wina anafedwa, wina anakwatiwa msanga, wina sukulu inali kutali. Kodi munali aulesi? Mukumbukiranso tsiku loyamba limene munakhala pansi ndi pensulo m'manja, imvi ziri m'mutu, ana akusuzumira pa zenera naseka. Munapirira, ndipo lero mukuwerenga mau ano popanda wokuwerengerani.

Chifukwa chake palibe munthu woyenera kumvetsa mwana wotsalira m'mbuyo kuposa inu. Pamene Donald Fraser anakhazikitsa misiyoni ya Loudon pa Embangweni m'chaka cha 1902, ambiri mwa ophunzira a masiku amenewo anali anthu akulu ndithu, ena a mabanja ao, ndipo mwa iwo munatuluka aphunzitsi amene anatsegula sukulu m'midzi yathu. Kuchedwa kuphunzira si chinthu chachilendo m'dziko la Mzimba.

Tsono ngati m'mudzi mwanu muli mnyamata amene anasiya koleji m'chaka cha 2020 ndipo mpaka lero amayenda chozolika, kapena msungwana amene mabuku ake ali m'sutikesi pansi pa bedi, musadikire boma. Pitani madzulo ano mukakhale naye pa khonde. Musayambe ndi kumlangiza. Mumuonetse kabuku kano, mumuwerengere ndime imodzi ndi pakamwa panu, ndipo mumuuze zaka zimene munali nazo pamene munalemba dzina lanu koyamba. Mukatero mumfunse chimene chikumletsa kubwerera, ndipo mukhale chete kufikira atayankha.